Driver ya RPMB: kernel ingonyamula kalata, isaitsegule

Bodi yanga yoyamba ndinaiwononga ndekha ndi manja angawa, usiku wina ndikuyesa ka driver kanga. Sinapse ayi, utsi sunatuluke, mpaka lero imayaka bwinobwino ndipo Linux imadzuka ngati kale, koma gawo lake la RPMB ndinalitsekera kiyi ya ma zero okhaokha yomwe ndinaika mu test ndikumati aaa ndisintha mawa. Kunalibe mawa kumeneko. Kiyi ya RPMB imalembedwa kamodzi kokha pa moyo wonse wa chip, nde TEE, kadongosolo kotetezedwa komwe kamayenda pambali pa Linux mu processor momwemo, itabwera ndi kiyi yake yeniyeni chip inangoyankha kuti authentication failure, ndipo izingoyankha chonchobe mpaka tsiku lomwe ndizaitaye.

Mnzanga wina amene akulemba driver ya chinthu chofanana nacho anandifunsa kuti interface yake aipange bwanji, tinakambirana mpaka usiku pa foni koma sitinamalize, ndiye ndati bola ndilembe apa zonse zomwe ndimafuna kumuuza.

Kwa amene simunakumanepo nayo, RPMB ndi chidule cha Replay Protected Memory Block, kagawo kakang'ono mkati mwa eMMC, chip yosungira data ya mu ma foni ndi ma bodi, komwe kanalowa mu standard ya JEDEC pa eMMC 4.4, ndipo pano kakupezekanso mu zosungira za mtundu wa UFS ndi mu ma NVMe ena. Kukula kwake kumayenda mu ma 128 KB ndipo pa eMMC sikapitirira 16 MB. Si kosungirako zithunzi kapena ma video. Mumasungidwa tinthu ting'onoting'ono tomwe munthu sayenera kutibweza m'mbuyo, ngati nambala yomwe imaletsa foni kubwerera ku firmware yakale yokhala ndi mabowo, kapena chiwerengero cha maulendo amene munthu walakwitsa PIN. Tangoganizani wakuba wakopera flash yonse, wayesa ma PIN angapo, foni yatsala pang'ono kutseka, iye wabwezeretsa kopi ija nkuyambiranso ngati palibe chachitika, atha kuyesa mpaka atapeza. Mpata umenewu ndi womwe RPMB inabwera kuzatseka.

Imatseka chonchi. Chip ili ndi kiyi ya ma byte 32 komanso counter ya ma byte 4 yomwe imangokwera, siitsika olo uzimitse magetsi. Ukafuna kulemba umatumiza frame ya ma byte 512, mkati mwake muli data ya ma byte 256, address, counter yomwe ilipo panopa, ndi MAC, siginecha yopangidwa ndi kiyi ija, ya HMAC-SHA256 yowerengedwa pa ma byte 284 omaliza a frame ija. Chip imawerengera MAC yake, imayang'ana ngati counter ikufanana, zikagwirizana imalemba nkukweza counter ndi 1. Wina akagwira frame yomweyo nkuitumizanso mawa, counter yasintha kale, chip ikana. Powerenga nako umatumiza nonce, nambala yongogwiritsa ntchito kamodzi, ya ma byte 16 ndipo yankho limabwera ndi nonce yomweyo litasainidwa, kuti udziwe kuti si yankho lakale lomwe wina analisunga.

Apa ndinene kaye chinthu chomwe anthu ambiri amasokoneza, inenso ndinasokoneza poyamba. RPMB siibisa data. Aliyense amene angafike pa chip atha kuwerenga zomwe zili mmenemo popanda kiyi, kungoti sangazisinthe. Ngati ukufuna chinsinsi uzichita encrypt wekha usanalembe.

Tsopano funso lenileni la interface ndi ili: kiyi ija asunge ndani?

Maganizo anga oyamba anali a munthu amene wazolowera ma driver wamba. Ndinkafuna API yokongola, rpmb_write ndi rpmb_read, upereke address ndi data basi, kernel ipange frame, iwerenge counter, isaine, itumize, ikubwezere 0 kapena error. Pa pepala zimaoneka bwino zedi ndipo amene akugwiritsa ntchito sangalakwitse byte order kapena kuiwala counter. Koma ndiye kuti kiyi ili mu kernel eti. Ndipo cholinga chonse cha RPMB pa ma foni ndi ma bodi ambiri ndi choti data ikhale yotetezeka ngakhale Linux yeniyeniyo yathyoledwa. Kiyi imakhala ku TEE, mwachitsanzo OP-TEE yomwe imayenda mu TrustZone ya Arm, ndipo OP-TEE imaipanga kuchokera ku chinsinsi cha mu SoC (chip yaikulu ya processor) momwemo pamodzi ndi CID, nambala yodziwira eMMC iliyonse, sikuti yasungidwa mu file penapake. Vuto ndiloti TEE nthawi zambiri ilibe driver yake ya eMMC, controller ali mmanja mwa Linux, nde mwini kiyi akuyenera kudutsira mwa munthu amene sakumukhulupirira. Kernel apa ndi mthenga. Wapatsidwa kalata yomata, akaipereke, abwere ndi yankho lomatanso. Akhoza kuitaya, akhoza kuchedwa nayo, koma sangasinthemo chilembo osagwidwa.

Ukangovomereza zimenezi theka la API yokongola ija limagwa lokha. Driver sikufunika kudziwa HMAC, sikufunika kusunga counter, sikufunika olo kumvetsa data. Ndiye mungaganize kuti ntchito yatha, ingokhala paipi basi. Ayi ndithu, apa mpomwe zovuta zinayambira kwa ine.

Kulemba kumodzi pa eMMC si command imodzi. Choyamba umasintha partition ndi CMD6 kuti chip iloze ku RPMB, kenako CMD23 yokhala ndi bit ya reliable write, kenako CMD25 kutumiza frame, kenako frame ina yopempha zotsatira, ija ya 0x0005, kenako CMD23 ndi CMD18 kuwerenga yankho, ukamaliza ubwezere partition komwe inali. Nthawi yonseyi filesystem ili pa chip yomweyo ikufuna kulemba zake. Wina akalowerera pakati, bola zikanangolephera, choopsa nchoti data ya filesystem ingapite ku partition yolakwika kapena yankho lako lisokonekere nkusadziwa ngati zinalembedwa. Ndiye interface ikalola user space, mapulogalamu a kunja kwa kernel, kutumiza ma command amenewa imodziimodzi, iliyonse ndi ioctl (pempho lopita kwa driver) yake, wapanga mpikisano womwe uzaoneka kamodzi pa masabata angapo pa makina a kasitomala, osati pa desiki pako. Ku Linux ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe MMC_IOC_MULTI_CMD ilipo kuyambira 4.4, kuti mndandanda wonse ulowe kamodzi ndipo kernel iugwire wonse osausiya mpaka uthe. Kwa ine lamulo ndi limenelo, chinthu chimodzi chomwe interface ikulandira chikhale pempho lonse ndi yankho lake, osati zidutswa.

Pali phunziro linanso mu mbiri ya Linux momwemo lomwe limandisangalatsa. Poyamba /dev/mmcblk0rpmb inali block device, chifukwa inali partition ya eMMC nde anthu anangoti ikhale ngati zinzake. Koma RPMB sungaiwerenge ngati disk, ulibe read wamba, sungaikepo filesystem, ndiye mapulogalamu omwe amafufuza ma disk onse pa boot amaigogoda nkumalandira ma I/O error, log yodzadza ndi phokoso. Mu 4.15 Linus Walleij anaisintha kukhala character device. Chinthu kukhala mkati mwa chosungira sizitanthauza kuti ndi disk, ndipo mtundu wa device womwe wasankha umauza dongosolo lonse kuti lichichite bwanji chinthucho, olo iwe usanalembe documentation.

Kenako nkhani ya abstraction, yomwe ine ndi mnzanga uja tinakanganapo kwambiri. Iye amafuna struct imodzi yoyera yoimira eMMC, UFS ndi NVMe zonse, driver izimasulira pansi. Ndikumvetsa chifukwa chake, palibe amene amafuna kulemba code katatu. Koma taonani. Pa UFS uthenga umadutsa mu SECURITY PROTOCOL OUT ndi IN za SCSI kupita ku logical unit yapadera ya RPMB, pa NVMe umadutsa mu Security Send ndi Security Receive, izi zokha si vuto, ndi njira chabe ndipo driver ikhoza kuzibisa. Vuto ndi frame. Ya eMMC ndi big-endian, ya NVMe ndi little-endian komanso yasanjidwa mwina. Ndipo MAC imawerengedwa pa ma byte enieniwo monga momwe chip izawalandirire. Kernel ikangotembenuza byte imodzi pofuna kuthandiza, siginecha yafa. Nde sungabise mtundu wa chip kwa amene akusaina, akuyenera kudziwa kuti akulankhula ndi chani. Chomwe interface ingachite ndi kumuuza zoona, iyi ndi eMMC, kukula kwake ndi uku, ID yake ndi iyi, imalola ma block angati pa write imodzi, kenako izinyamula ma byte osawakhudza. Kubisa njira inde, kubisa frame ayi.

Pomwe ndinakhalitsa kwambiri ndi pa ma error, ndipo ndikuona kuti apa mpomwe ma driver ambiri a zotetezedwa amalakwira mwakachetechete. Munthu wa storage anazolowera kuti write ikalephera umayesanso, ndi khalidwe labwino, block layer imatero tsiku ndi tsiku. Pa RPMB kuyesanso mwachimbulimbuli ndi bodza. Tinene kuti frame yafika, chip yalemba, counter yakwera, koma powerenga yankho pachitika timeout. Driver yachifundo itumizanso frame yomweyo, chip iyankha 0x0003, counter failure, driver ikauza TEE kuti zalephera pomwe data inalembedwa kalekale. Tsopano TEE ikukhulupirira china, chip ili ndi china. Ndiye pali mitundu iwiri ya kulephera yomwe sikuyenera kusakanizidwa mpang'ono pomwe. Wina ndi wa pa njira, controller sanayankhe, magetsi anadukiza, apa driver inene poyera kuti sindikudziwa ngati zinafika. Wina ndi yankho la chip lenilenilo, 0x0002 ngati MAC yalakwika, 0x0004 ngati address ili kunja, 0x0007 ngati kiyi sinalembedwe, ndipo limeneli lipite kwa mwini wake lonse lathunthu mu frame yake, osati driver iliwerenge nkulisandutsa -EIO, error wamba ya I/O yosanena chomwe chalakwika. Ine driver yanga yoyamba imachita zimenezo, imaona result si zero nkubweza -EIO, ndimaona ngati ndikuthandiza kkkk, kenako ndinatha masiku awiri ndikufufuza chomwe chip imandiuza momveka kuyambira pachiyambi.

Kuti muone kuti si nkhani yongopeka, mu 2020 a Western Digital analengeza zofooka mu protocol ya RPMB yeniyeniyo, zokhudza eMMC, UFS ndi NVMe zonse. Mtima wake ndi womwewu wa mthenga wosakhulupirika. Amene ali pakati akhoza kugwira write yosainidwa bwinobwino osaipereka, mwini wake nkuganiza kuti yalephera, kenako nkuzaipereka nthawi ina pomwe mwini wakeyo sakuyembekezera, ndipo chip ilandira chifukwa counter sinasunthe ndipo MAC ndi yolondola. Palibe kiyi yabedwa, palibe HMAC yathyoledwa, kungochedwetsa kalata basi. Mankhwala ake ali ku mbali ya TEE, ikakaikira iwerenge counter ndi nonce yatsopano, ndipo ngati pali frame yomwe ili mmalere iikwirire pokweza counter ndi write ina kuti yakaleyo isagwirenso ntchito. Koma TEE ingachite zimenezi pokhapokha ngati interface siikubisa kukaikira kuja. Driver yomwe imameza ma timeout nkumayesanso payokha ikuchita zomwezo zomwe wachiwembu angachite, kungoti mosadziwa.

Za counter ndingodutsapo mwachangu, ma byte 4 ndiye kuti imathera pa 4,294,967,295 ndipo ikafika pamenepo chip imakweza bit ya 0x0080 mu result nkusiya kulandira ma write mpaka kalekale. Pa ntchito yabwinobwino sufikako. Koma ndi chifukwa chinanso chosalolera aliyense kumangolemba.

Nanga ndani aloledwe kutsegula device? Apa ndimakumbukira za TPM, chipangizo china chosungira makiyi a chitetezo, komwe /dev/tpm0 imalola munthu mmodzi pa nthawi ndipo anachita kuwonjezera /dev/tpmrm0 mu 4.12 kuti angapo azigawana. Pa RPMB kugawana nkovuta kuposa pamenepo chifukwa counter ndi imodzi, awiri akawerenga counter nthawi imodzi nkusaina, mmodzi apambana wina alandira counter failure. Ndipo kunena zoona awiri onsewo akuyenera kukhala ndi kiyi, zomwe zikutanthauza kuti chinsinsi chili malo awiri. Ine ndimakonda mwini mmodzi basi, ena onse adutsire mwa iye.

Ndiye pali nkhani ya nthawi, yomwe sindinaiganizire mpaka itandiluma. Kwa zaka zambiri njira ya OP-TEE yofikira ku RPMB inali yozungulira, TEE ipempha, kernel ipereka pempho kwa tee-supplicant yomwe ndi pulogalamu ya user space, iyo itsegula /dev/mmcblk0rpmb nkuchita ioctl kubwereranso mu kernel. Zimagwira ntchito. Koma bwanji ngati TPM yako ndi fTPM, yoyenda mkati mwa TEE ndipo imasunga zinthu zake mu RPMB? Kernel ikufuna TPM molawirira, mwina kuti itsegule disk yomwe ili encrypted, koma tee-supplicant ili pa disk yomweyo kapena sinayambe, aliyense akudikira mnzake. Anthu amachita kuikankhira mu initramfs, ka filesystem koyambira nako boot, nkumasamala kuti isafe posintha root, ndipo pozimitsa makina vuto lomwelo limabwera chobwerera, supplicant yaphedwa kale pomwe TPM ikufuna kulemba komaliza. Tomas Winkler wa ku Intel anatumiza ma patch a RPMB subsystem kale mu 2016, sanalowe, ena anayesanso pambuyo pake, mpaka mu Linux 6.12 ya mu November 2024 mpomwe inalowa kudzera mwa Jens Wiklander wa ku Linaro. Chomwe chinandigwira mtima nditaiwerenga ndi kuchepa kwake. Driver ya eMMC imalembetsa device yake, driver ya OP-TEE imaipeza, ndipo pakati pawo pali function ya rpmb_route_frames yomwe imalandira buffer ya pempho ndi buffer ya yankho. Basi. Analowetsa popanda interface yatsopano ya user space. Zaka 8 za kukambirana zinathera pa kanthu kakang'ono kuposa komwe anayambira, ndipo ine ndikuona kuti kanalowa chifukwa cha kuchepa komweko, chilichonse chomwe waonetsa ku user space umakhala nacho mpaka kale poti ku Linux kuthyola mapulogalamu omwe alipo kale nkoletsedwa.

Ngati ukuyenerabe kupanga ioctl, zinthu zake ndi zomwe aliyense wolemba ma driver amadziwa koma timaziiwalabe. Ma type a kukula kokhazikika, pointer ikhale mu __u64 kuti pulogalamu ya 32-bit pa kernel ya 64-bit isasokoneze struct, usasiye mipata ya padding yomwe ingatulutse zinyalala za mu kernel, ma flag omwe sukuwadziwa uwakane lero kuti mawa uzathe kuwagwiritsa ntchito, uike malire pa chiwerengero cha ma frame, ndipo ukopere kuchokera ku user space kamodzi kokha, osati kuyang'ana kaye kenako nkukoperanso poti pakati pamenepo thread ina ikhoza kusintha zomwe unayang'ana zija. Ukamaliza uisiyire syzkaller, pulogalamu yosaka ma bug mu kernel, iimenye usiku wonse.

Ndibwerere ku bodi yanga ija, chifukwa pali frame imodzi yomwe imaphwanya nkhani yonse ya kalata yomata. Pempho la 0x0001, lolemba kiyi, limanyamula kiyi ili poyera, palibe njira ina poti chip ilibe chinsinsi china choti ibisire. Nde pa kamphindi kameneko mthenga uja akuona zonse. Nchifukwa chake izi zimayenera kuchitikira ku fakitale pamalo odalirika, ndipo ku OP-TEE option ya CFG_RPMB_WRITE_KEY imakhala yozimitsa pokhapokha uiyatse dala. Ku mbali ya driver zikutanthauza kuti buffer imeneyo ifufutidwe ndi kfree_sensitive kapena memzero_explicit, ndipo debug print iliyonse yomwe imatulutsa frame yonse mu dmesg ichotsedwe isanafike kwa anthu, ine yanga inalipo, hex dump yonse ma byte 512, kiyi ili pakati pomwe.

Apa mpomwe ine ndi mnzanga sitinagwirizane mpaka pano. Ndanena ndekha kuti driver isatsegule kalata, koma pa frame iyi yokha ndikufuna iyang'ane ma byte awiri omaliza, ikaona 0x0001 ikane pokhapokha wina wayatsa chinachake mwadala, kaya option ya pa build kaya ioctl yake yosiyana yomwe sungaiitane mwangozi. Iye akuti ndikudzitsutsa, ngati kernel ndi paipi ikhale paipi, ndipo root amene akufuna kuwononga chip apezabe njira ina, atha kungolemba module yake. Akunena zoona, sizingamuletse wachiwembu. Koma ine sindikuganiza za wachiwembu, ndikuganiza za munthu wotopa amene akuyendetsa test script 2 koloko usiku ali ndi array ya ma zero mu code yake. Tagwirizana kuti aika check imeneyo mu version yoyamba kenako tikaone ngati anthu a review aisiye, ndipo ndamuuza kuti asanagule ma bodi ena ayambe wayesa pa RPMB yongoyerekeza ya mu software, yomwe ukailakwitsa umangoizimitsa nkuyambiranso.